Musagulitse mbuzi kaamba ka kabokosi

 Sabata ino ndidakonza zoti tikambirane za mbewu, koma kalata ina imene ndalandira yandisinthitsa maganizo.

Kalatayi yachokera kwa bambo wina wa ku Chidzolomondo, mlembi wa kalabu ya alimi, ndipo dzina lawo ndalisunga monga momwe adapemphera. Bambowa akuti mwana wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg adawatumizira kompyuta ya m'manja, ija timati laputopu, yogwirapo kale ntchito koma yamoyo ndithu. Cholinga n'choti azilembamo kaundula wa kalabu, komanso kuti mwana wawo wamkazi amene akumaliza kalasi ya 12 alembetserepo mayeso olowera ku yunivesite, poti mtima wake uli pa sukulu ya zaulimi ya UniZambeze ku Ulongue, ndipo kulembetsa kwa masiku ano kumayambira pa intaneti. Tsono atapita m'tauni kukafunsa, wogulitsa m'sitolo ina adawauza kuti popanda kabokosi kotchedwa rauta palibe chomwe angachite. Mtengo umene adawauza ndi woti mbuzi yaikazi ichoke m'khola, mbuzi imene ankaisungira ulendo ndi zofunika za mwana yemweyo akadzapeza malo. Funso lawo ndi lakuti: kodi kompyuta singalowe pa intaneti popanda kabokosi kameneka?

Bambo mlembi, mwachita bwino kufunsa, poti safunsa adadya phula. Mbuzi ija ibwezereni m'khola. Kompyuta imodzi imalowa pa intaneti bwinobwino popanda rauta, ndipo chipangizo chomwe chikufunika mwina chili kale m'thumba la malaya anu. Komabe kabokosiko kali ndi ntchito zake, ndipo munthu amene wasankha kukhala opanda iko ayenera kudziwa kuti zina mwa ntchitozo zagwera iye mwini. Wogulitsa uja sindikumudzudzula kwambiri ayi. Wogulitsa usipa sangakuuzeni kuti nyemba nazo ndi ndiwo.

Tikumbukire kuti pamene intaneti inkayamba kulowa m'nyumba za anthu, rauta kunyumba kunalibe. Kuno ku Mozambique makalata oyamba a pa kompyuta adayamba kuyenda kudzera ku yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ndi nthawi yomweyo imene pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome, pa 4 Okutobala 1992, makolo athu nayamba kumanga katundu m'misasa ya othawa nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu kuti abwerere kumabwinja awo. Ife kuno tinkaganiza za makasu ndi mbewu, pamene m'mizinda amene anali ndi lamya yapansi ankazula nthambo ya lamyayo n'kuilowetsa m'kachipangizo kotchedwa modemu, kachipangizoko n'kukalumikiza ku kompyuta. Kompyuta inkaimba nambala monga momwe munthu aimbira lamya, modemu n'kumalira ngati nkhululu, kenaka zii, ndiye kuti zatheka. Wofuna kuimba lamya ankadikira kuti wa pa kompyuta amalize. Liwiro lake silinkapitirira makilobiti 56 pa sekondi, moti nyimbo imodzi inkatenga mphindi 10 kapena kuposerapo kuti itsike. Zinali zochedwa, inde, koma kompyuta inali imodzi, nthambo imodzi, ndipo zinkayenda.

Apa pali mayina awiri amene anthu amawasokoneza, ndipo ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Modemu ndi womasulira. Uthenga umabwera m'chinenero cha nthambo kapena cha mafunde ochokera pa nsanja, ndipo modemu imautembenuzira m'chinenero chomwe kompyuta imamva. Popanda modemu palibe intaneti, zimenezo n'zoona. Rauta ndi wogawa. Kuti timvetse ntchito yake, tiyeni tikumbukire momwe makalata ankafikira m'midzi mwathu muno.

Akuluakulu akudziwa kuti kale munthu wakumudzi analibe keyala yakeyake. Makalata ochokera ku Joni, ku Harare kapena ku Beira ankabwera onse pa bokosi limodzi la positi, la ku mishoni kapena la pasukulu. Aphunzitsi aakulu ankamasula thumba n'kuyamba kugawa: iyi ya auje, iyi ya anauje. Iwo ankadziwa mudzi wonse, ankadziwa amene ali ndi mwana ku migodi ndiponso amene akudikira yankho la kalata imene adatumiza mwezi wathawo. Kalata yobwera ndi dzina losadziwika ankaiika pambali, sinkalowa m'mudzi. Rauta imachita chimodzimodzi. Kampani ya intaneti imapereka keyala imodzi pa nthambo imodzi. Rauta imatenga keyala imodziyo, n'kupatsa kompyuta iliyonse ndi foni iliyonse ya m'nyumbamo nambala yamkati, ndipo imakumbukira kuti adafunsa chakuti ndi yani kuti yankho likabwera lipite kwa mwini wake. Uthenga wongobwera wokha, popanda wina wamkati amene adauitana, imautaya. Pamwamba pa zonsezi imaulutsa mafunde a Wi-Fi kuti zipangizo zilumikizike popanda nthambo.

Tsono ngati pakhomo pali kompyuta imodzi yokha, wogawa agawa chiyani? Kalata iliyonse ndi ya munthu mmodzi yemweyo. Ndi chifukwa chake ndikuti rauta siyofunika kwa inu, bambo mlembi. Chomwe chikusowa aphunzitsi aakulu aja akachoka ndi mlonda woika pambali makalata achilendo, ndipo nkhani ya mlondayo tiifika posachedwa.

Tiyambe taona kuti intaneti imatifika bwanji kuno kumapiri. Nthambo zikuluzikulu za pansi pa nyanja zidafika ku Maputo, ya SEACOM mu 2009 ndi ya EASSy mu 2010. Kuchokera kumeneko uthenga umayenda m'nthambo zagalasi zokwiriridwa pansi kapena zopachikidwa pamitengo m'mbali mwa misewu, mpaka kufika pa nsanja zomwe timaziona pamwamba pa zitunda. Kampani ya mCel idayamba mu 1997, ndipo pambuyo pake idaphatikizana ndi TDM n'kukhala Tmcel. Vodacom idabwera mu 2003, pamene Movitel, imene idadza ndi akatswiri a kampani ya Viettel ya ku Vietnam, idayamba mu 2012 ndipo idatchuka ndi kukwezera nsanja kumidzi. Ambiri a ife nthambo yolowa m'nyumba tilibe. Nthambo yathu imathera pa nsanja, ndipo mtunda wotsalawo uthenga umauluka mumlengalenga kudzafika pa simu khadi. Choncho funso lenileni ndi lakuti uthengawo uchoka bwanji pa simu khadi kulowa m'kompyuta.

Njira yoyamba ndi foni yanu yomweyo, poti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Foni iliyonse yamakono imene imatsegula WhatsApp ili ndi modemu m'kati mwake, ndipo kunena zoona ilinso ndi karauta kakang'ono komwe mudalipira kale tsiku lomwe mudaigula. Gulani mamega monga mwa masiku onse ndipo yatsani deta. Tengani nthambo ija mumatchajira, mbali yaing'ono ilowe m'foni, mbali yaikulu ilowe pa chiboo cha USB cha kompyuta. Mukatero pitani pomwe mumasinthira zinthu m'foni, pamene pamalembedwa Settings kapena Definições, mufufuze pomwe pali mawu akuti Hotspot. Pafupi pomwepo mupeza mzere wokhala ndi zilembo za USB. Mawu ake amasiyana foni ndi foni, ena Chingerezi, ena Chipwitikizi, koma zilembo zitatuzo sizisowa. Yatsani pamenepo ndipo dikirani pang'ono. Pakona ya pansi ya kudzanja lamanja la kompyuta paoneka kachizindikiro kosonyeza kuti yalumikizika, basi mwalowa.

Mzere wa USB uja ukakana kuyaka, musathamangire kunena kuti kompyuta ndi yakufa. Kawirikawiri vuto limakhala nthambo. Nthambo zambiri zotchipa za pamsika zili ndi mawaya a moto okhaokha, a uthenga mulibe, moti zimatchaja bwino koma sizinyamula kanthu. Bwerekani ya mnzanu muyesere, ndipo pogula yanu nyamulani foni ndi kompyuta mukayesere pomwepo musanapereke ndalama. Ena afunsa kuti bwanji osangoyatsa Hotspot, popeza nayo imagwira. Inde imagwira, koma imamaliza moto wa foni msanga, foni imatentha, ndipo mwana wa aneba akadziwa nambala yachinsinsi mamega anu asanduka a mudzi wonse. Ndi nthambo, foni imamwa moto kuchokera ku kompyuta uku ikugwira ntchito, ndipo palibe angayamwe nawo ali kuseri kwa nkhokwe.

Njira yachiwiri ndi kamodemu kooneka ngati fulashi, komwe mumakatsegula n'kuikamo simu khadi kenaka n'kukalowetsa pa chiboo cha USB. Timeneti tidatchuka kwambiri mafoni amakono asanachuluke, ndipo tikadalipo m'masitolo ndi m'madilowa a maofesi. Ubwino wake ndi wakuti foni imakhala yomasuka. Pogula funsani zinthu ziwiri: ngati kamalandira 4G, ndiponso ngati kamalola simu khadi ya kampani iliyonse, chifukwa tina tidamangidwa kuti tizimva kampani imodzi yokha. Ngati m'nyumba mwanu netiweki imavuta kaamba ka malata kapena chitunda, gulani nthambo yotalikitsira ya USB kuti kamodemuko mukapachike pazenera loyang'ana ku nsanja. Nthambo yoteroyo isapitirire mamita 5, chifukwa ikatalika kuposa pamenepo uthenga umafooka panjira.

Njira yachitatu ikukhudza aphunzitsi, a zaumoyo ndi a m'maofesi a ku boma amene kampani idawakokera nthambo mpaka m'chipinda, kaya kuchokera pa mtengo wa mumsewu kaya pa kambale ka padenga. Nthamboyo imathera m'bokosi la kampani, ndipo m'bokosimo mumatuluka nthambo ina yokhala ndi mutu wapulasitiki wa timawaya 8, imene dzina lake ndi Ethernet. Imeneyi mutha kuilowetsa mwachindunji m'chiboo chake pa kompyuta, malinga isatalike kuposa mamita 100. Laputopu zina zopyapyala chiboochi zilibe, ndipo zimafuna kachipangizo kosinthira kolowa pa USB. Zimitsani bokosi la kampani kwa mphindi zingapo, lowetsani nthambo, kenaka liyatseni. Kuzimitsaku n'kofunika chifukwa mabokosi ena amasunga nambala ya chipangizo chomwe adachiona koyamba ndipo amakana chachilendo mpaka ataiwala chakale. Nthawi zambiri kompyuta imalandira keyala yokha popanda inu kulemba kanthu. Makampani ena amafuna kuti mulowe ndi dzina ndi nambala yachinsinsi, njira imene amaitcha PPPoE, ndipo zimenezi mumazilemba m'kompyuta momwemo pamalo opangira kulumikiza kwatsopano. Ena amapereka manambala okhazikika oti muwalembe pamanja. Zonsezi zimakhala pa pepala la mgwirizano, choncho pepalalo musayatsire moto. Dziwaninso kuti mabokosi ambiri a makampani ali kale ndi rauta m'kati, moti wogula ina wagula denga lachiwiri pa nyumba yofolera kale.

Kwa amene amakonda kufufuza, kompyuta imatha kukuuzani keyala yomwe yalandira. Pa Windows tsegulani kawindo kakuda kotchedwa cmd, mulembe mawu akuti ipconfig. Manambala akayamba ndi 192.168 kapena ndi 10, ndiye kuti pakati pa inu ndi dziko lonse pali wogawa wina, kaya ndi foni yanu kaya ndi makina a kampani. Akayamba ndi 169.254 ndiye kuti kompyuta yaitana koma palibe wayankha, choncho onani nthambo kapena zimitsaninso bokosi lija.

Tsopano tifike pa zoopsa, poti wakutsina khutu ndi mnansi. Choopsa choyamba ndidachiona ndekha. Tsiku lina ndidagula mamega oti andikwanire mwezi wathunthu, ndikufuna kutumiza mawu amene ndidajambula kumudzi kuti akamveke pa wailesi m'mawa mwake. Ndidalumikiza foni ku laputopu ndi nthambo, mawu aja adapita, ine n'kupita kukadya nsima osazula nthambo. Pobwerako ndidapeza uthenga pa foni woti mamega atha. Usiku wonse ndidagona ndikutukwana kampani mumtima. M'mawa mnzanga wodziwa za makina adandionetsa kuti palibe amene adandibera. Kompyuta ija idakhala miyezi osalawa intaneti, ndipo itaona khomo lotseguka idayamba kudzitsitsira zigamba zake zonse zomwe idatsalira. Wolakwa ndinali ine amene sindidaiuze kuti madzi a m'chitsime ichi ndi ogula.

Zimachitika motere. Kompyuta ikalumikizidwa ndi nthambo ya USB imaona ngati yalowa pa nthambo ya mu ofesi yomwe ilibe malire, ndipo imamwa mosaumira. Zigamba zikuluzikulu za Windows zimatha kufika magigabaiti 3 kapena 4, pamene gigabaiti imodzi ndi mamega 1,000. Mankhwala ake ndi osavuta. Mukangolumikiza, pitani pomwe mumasinthira za netiweki m'kompyuta, mutsegule kulumikiza komwe kwayakako, muyatse mzere wolembedwa Metered connection, kapena Ligação com tráfego limitado ngati kompyuta yanu imalankhula Chipwitikizi. Mukatero kompyuta imadziwa kuti mamega ndi owerengeka ndipo zotsitsa zikuluzikulu imaziimika. Mukamaliza ntchito zulani nthambo. Samalaninso ndi mavidiyo, chifukwa pa kompyuta amabwera akuluakulu ndipo amadya kwambiri kuposa pa foni.

Choopsa chachiwiri ndi cha mlonda uja. Kompyuta imene yalowetsedwa mwachindunji pa nthambo ya kampani, n'kulandira keyala yoonekera kudziko lonse, ili ngati nyumba ya m'mbali mwa msewu yopanda mpanda. Pa intaneti pali makina amene ntchito yawo usana ndi usiku ndi kugogoda pa khomo lililonse kuona ngati lili lotseguka. Mu Ogasiti 2003 kachilombo ka kompyuta kotchedwa Blaster kadafalikira motero, kulowa m'makompyuta popanda mwini wake kutsegula kalata kapena kudina pena paliponse, ndipo makompyutawo ankangozima n'kuyakanso okha. Chaka chotsatira, mu 2004, kampani ya Microsoft idakonza zoti mpanda wa m'kati mwa Windows, umene amautcha Firewall, uzikhala woyaka kuyambira pachiyambi. Mu Meyi 2017 kachilombo kena kotchedwa WannaCry kadagwira makompyuta oposa 200,000 m'mayiko pafupifupi 150. Kankamanga zolemba zonse za munthu n'kumulamula kuti alipire madola 300 kuti zimasulidwe, ndipo zipatala zambiri za ku Britain zidabweza odwala chifukwa makompyuta adaima. Chomvetsa chisoni n'chakuti chigamba chotseka chiboo chomwe kachilomboka kankalowera chidali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho, koma ambiri anali asanachiike. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndisakuopsezeni mopitirira muyeso. Amene mukulowa kudzera pa foni kapena pa kamodemu ka simu khadi, kawirikawiri kampani imakuikani anthu ambiri kuseri kwa keyala imodzi, moti wogogoda wakunja sakupezani msanga. Komabe zinthu zitatu izi chitani nonse. Mpanda wa Firewall musauzimitse, ngakhale mnyamata wokonza mafoni atakuuzani kuti ukuchedwetsa makina. Kompyuta ikafunsa ngati netiweki ili yapanyumba kapena yapagulu, sankhani yapagulu, pomwe palembedwa Public kapena Pública, kuti isatsegule zitseko zogawirana zolemba. Ndipo zigamba zija, ngakhale zimadya mamega, ndi zomwe zimatseka ziboo, choncho sankhani tsiku lomwe mwapita ku boma komwe kuli Wi-Fi, kapena lomwe mwagula mamega okwanira, muilole kompyuta idzisoke. Onaninso msinkhu wa Windows yanu, poti makompyuta ambiri otumizidwa kuchokera ku Joni ndi okalamba. Windows XP idasiya kulandira zigamba mu Epulo 2014, Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo thandizo lanthawi zonse la Windows 10 lidafika kumapeto pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta ya XP kapena ya 7 ndi yabwino kulembera kaundula, koma musaiike mwachindunji pa nthambo ya kampani, ndipo za ndalama ndi za ku banki musachitirepo.

Choopsa chachitatu ndi chathuchathu anthu a m'malire. Mafunde a nsanja safunsa chiphaso pa Calomue kapena pa Biriwiri. Munthu uli m'munda mwako mbali ino, foni ya nambala yoyamba ndi 82, 84 kapena 86 imatha kugwira nsanja ya TNM kapena ya Airtel ya ku Malawi, ndipo abale a tsidya lija nawo zimawachitikira ndi nsanja zathu. Zikatero foni imayesedwa mlendo amene wapita kunja kwa dziko, mamega amene mudagula sagwira, ndipo mtengo wake umakhala wina. Pa foni yokha zimapweteka, nanji mutalumikizako kompyuta yanjala ija! Yang'anani pamwamba pa foni: pakaoneka chilembo cha R pafupi ndi timizere ta netiweki, kapena dzina la kampani ya dziko lina, zulani nthambo. Zimitsani mzere wolembedwa Roaming pa za deta, ndipo uzani foni kuti kampani muzisankha nokha pamanja. Amene muli ndi foni ya simu khadi ziwiri, ya kuno ndi ya ku Malawi, onetsetsani kuti deta ikuchokera pa khadi lomwe mwagulira mamega.

Choopsa chachinayi chimabwera ndi dzinja. Kuno kumapiri mphezi timaidziwa, ndipo chakudza sichiimba ng'oma. Nthambo yachitsulo yochokera padenga kapena pa mtengo wa kunja ndi msewu wa mphezi wolowera m'nyumba. Pakakhala rauta pakati, nthawi zina imapsa ndi iyo, kompyuta n'kupulumuka, ngakhale kuti pena zimapsera limodzi. Popanda rauta, moto wonsewo umathera m'kompyuta. Choncho mitambo ikada ndipo kukayamba kugunda, zulani nthambo ya intaneti pamodzi ndi ya magetsi, ndipo musadikire kuti mumalize kaye kalata. Apa njira ya foni ili ndi mwayi wake, chifukwa laputopu ikamayendera batire yake ndipo foni ili pambali pake, palibe waya wotuluka kunja.

Nanga rauta ndi ya yani? Ndi ya sukulu imene ili ndi makompyuta angapo, ya chipatala, ya ofesi, kapena ya banja lomwe anthu ambiri akufuna kulowa nthawi imodzi. Ndi ya kalabu imene yatopa ndi kudalira foni ya munthu mmodzi, poti mwini foni akapita kudimba intaneti nayo yapita kudimba. Ndi ya amene ali kuchigwa komwe netiweki imangofika pa chulu, chifukwa pali marauta olowa simu khadi amene amalola kulumikizako mlongoti wokwezedwa pa nsungwi. Pogula kumbukirani kuti kabokosika kamafuna moto nthawi yonse imene kakugwira ntchito, ndiye ngati mumadalira sola muwerengere batire yanu. Ndipo amene mukuganiza za mbale ya Starlink, imene idayamba kugwira ntchito ku Mozambique ndi ku Malawi mu 2023, dziwani kuti imabwera ndi rauta yakeyake, musagulenso ina. Kalabu ikadzakula n'kufuna rauta, ndalama yake idzachoke m'thumba la kalabu mamembala atagwirizana, poti mutu umodzi susenza denga. Isadzachoke m'khola la mlembi.

Tsono bambo mlembi, zomwe mugule ndi nthambo yabwino ya USB ndi mamega, basi. Tsamba linoli mupatse mwana wanu wamkaziyo awerenge, ndipo alumikize yekha inu mukuonerera, chifukwa kumene akupitako adzazifuna nzeru zimenezi tsiku ndi tsiku. Zikalata zake zonse azijambule ndi kuzisunga m'kompyuta asanayatse deta, kuti mamega asamapse iye akufufuza mapepala m'chikwama. Asadikire tsiku lomaliza la kulembetsa, chifukwa tsiku limenelo dziko lonse limakhala pakhomo limodzi ndipo netiweki imalemedwa. Akamaliza asunge nambala kapena chikalata chomwe apatsidwe, achilembenso m'kope. Mbuzi ija idye msipu mpaka tsiku lomwe mayina adzatuluke, ndipo mudzatilembere kutiuza momwe zayendera.

Enanu amene muli ndi mafunso pa nkhani imeneyi kapena ina iliyonse, lemberani kwa mkonzi wa tsamba lino monga mwa nthawi zonse, ndipo nenani ngati simukufuna kuti dzina lanu lituluke. Nkhani ya mbewu ija sindidaiiwale, tidzaikamba sabata yamawa Mulungu akalola.